Kuunika makompyuta ndi zipangizo zina za sukulu pa tchuthi chachikulu: mafunso ndi mayankho

Ndimaphunzitsa Computer Studies pa sekondale ina ya CDSS, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi ahedi a sukulu zoyandikana nafe amandiitana kawirikawiri kuti ndikawaonere makina awo. Mafoni ambiri amalira sabata yoyamba ya teremu yoyamba, mu Seputembala, ana atafika kale, labu itatsegulidwa, koma makompyuta osayaka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene aphunzitsi anzanga ndi a makomiti a sukulu amandifunsa chaka ndi chaka. Ndawayankha poganizira mmene sukulu zathu zilili: magetsi ozimazima, fumbi, ndalama zochepa, ndiponso munthu mmodzi wodziwa zonse amene mawa lomweli akhoza kusamutsidwa.

N'chifukwa chiyani ntchito imeneyi ichitike pa tchuthi, pomwe aphunzitsi nawo akufuna kupuma?

Chifukwa palibenso nthawi ina imene labu imakhala yopanda ana kwa masabata angapo. Teremu yachitatu ikatha mu Julayi, mayeso a MANEB atalembedwa, mukhoza kumasula kompyuta iliyonse, kuifufuta ndi kuikamo mapulogalamu atsopano popanda kuimitsa phunziro la munthu. Chachiwiri ndi nyengo. Sukulu zikatsegulidwa, kutentha kwa Okutobala kumakhala kuli pakhomo, ndipo mu Novembala mvula imayamba ndi mphenzi zake. Kompyuta yodzaza fumbi imafa ndi kutentha, ndipo labu ya mawaya osalongosoka imapsa ndi mphenzi. Chachitatu, mukapeza chowonongeka mu Julayi muli ndi mpata woitanitsa komiti, kupempha ndalama, ndi kutuma munthu ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu kukagula chofunikacho.

Si tchuthi chonse chimene chikufunika. Masiku atatu kumayambiriro ndi masiku awiri kumapeto ndi okwanira pa sukulu zambiri. Koma ahedi, mphunzitsi amene mwamupempha kubwera masiku amenewa mumuganizire za thiransipoti ndi chakudya cha masana. Ntchitoyi ndi ya sukulu, si yake.

Tiyambire pati?

Yambani ndi kope la chikuto cholimba ndi cholembera, musanayatse chilichonse. Werengani katundu yense: makompyuta, masikirini, makiyibodi, mamawusi, malaputopu, matabuleti, machaja, pulinta, purojekitala, rauta (kabokosi kogawa intaneti), ma UPS (timabokosi ta batire tosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akazima), mabatire, inveta (yosintha magetsi a batire kuti afanane ndi a pakhoma) ndi mapanelo a sola. Chilichonse chipatseni nambala ya sukulu, muilembe pathupi pake ndi maka yosafufutika, ndipo m'kopemo mulembe nambala imeneyo pamodzi ndi nambala ya kufakitale imene imakhala pa kapepala komatidwa kumbuyo kapena pansi. Pambali pake lembani chimodzi mwa zitatu izi: chikugwira, chikhoza kukonzedwa, chinafa.

Powerenga musakhale nokha. Pakhale adepute kapena mphunzitsi wina, komanso mmodzi wa komiti ya sukulu kapena PTA, ndipo nonse musayine. Izi zimateteza inuyo amene mumasunga makiyi.

Mukamaliza, yerekezerani ndi kaundula wa chaka chatha. Apa ndi pamene zimatulukira: laputopu imene wina anapita nayo kunyumba kukalembera mayeso a teremu yoyamba osabwezanso, purojekitala imene inabwerekedwa ku ukwati, chaja chimene aliyense akuti anachiona komaliza mu staff room. Katundu wobwereka abwerere sukulu isanatsekedwe, ndipo wofuna kubwerekanso asayine m'buku, alembe ndi tsiku lobweza.

Makompyuta athu amangopsa chaka ndi chaka. Vuto ndi makinawo kapena magetsi?

Nthawi zambiri ndi magetsi, ndipo mbali yaikulu ya vutolo ili m'kati mwa chipinda chanu chomwecho. Magetsi a ESCOM amayenera kufika pa 230V. Kuzima kwake sikuwononga kwambiri ngati kubwera kwake: akamayaka amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira, kapena kuyaka ndi kuzima kangapo motsatizana, ndipo chimene chimayamba kufa ndi kabokosi kolandira magetsi m'kati mwa kompyuta. Choncho lamulo loyamba la labu likhale lakuti magetsi akazima, masoketi onse azimitsidwe pakhoma, ndipo akabwera mudikire mphindi zingapo musanayatse.

Pa tchuthi yendani soketi ndi soketi. Yang'anani zakuda ngati zawauka, nunkhizani fungo la pulasitiki wopsa, gwedezani pulagi muone ngati ikukhwepa. Tsegulani mapulagi muone mafyuzi. Ndapeza kambirimbiri fyuzi itachotsedwa n'kuikapo kawaya kapena kapepala konyezimira, ndipo ndapezanso mawaya opanda pulagi atalowetsedwa mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Fyuzi imaikidwa kuti ipse iyoyo m'malo mwa kompyuta. Pulagi ya 13A imapirira mphamvu pafupifupi 3,000W basi, ndiye mukalumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake, ina pamwamba pake, makompyuta khumi onse n'kumakoka pa soketi imodzi, mukuitana moto. Maekisitenshoni otchipa a mawaya opyapyala achotseni.

Chimene simungachione ndi maso ndi waya wa earth, wopita pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka kunja kwa chipinda. Ngati ana amadandaula kuti kompyuta ikuwagwira shoko akaikhudza, kayikirani pamenepo. Surge protector, chipangizo chotchinga magetsi obwera ndi mphamvu yopitirira, ngakhale yodula bwanji siteteza ngati earth ndi yoduka. Izi musakonze nokha. Itanani wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, adzayeze.

UPS iyeseni motere: yatsani kompyuta kudzera pa iyo, kenako zimitsani pakhoma. Kompyuta ikazima nthawi yomweyo, batire la m'kati latha. Ma UPS ang'onoang'ono ambiri amakhala ndi batire la 12V 7Ah limene limagulidwa palokha, ndipo limatha pakapita zaka zochepa, makamaka m'madera otentha monga ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja. Musataye UPS yonse chifukwa cha batire. Pulinta ya laser musailumikize pa UPS yaing'ono, imakoka mphamvu yambiri ikamatenthetsa.

Potseka labu, zulani mapulagi onse pakhoma, osangozimitsa, pamodzi ndi waya uliwonse wochokera padenga kapena ku chipinda china.

Ife timagwiritsa ntchito sola. Tizimitse zonse tikamapita ku tchuthi?

Ayi, osati zonse. Zimitsani inveta ndi zonse zimene zimadya magetsi, koma musadule waya wochoka ku mapanelo kudzera pa kontirola kupita ku mabatire. Batire la mtovu ndi asidi, lofanana ndi la galimoto, limatsika lokha ngakhale palibe chikuligwiritsa ntchito, ndipo likakhala masabata ambiri lili lotsika limauma m'kati, osadzazanso bwino mpaka kalekale. Sukulu zambiri zimapha mabatire pa tchuthi poganiza kuti zikuwasunga.

Bwerekani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze batire lililonse palokha, litapuma maola angapo osatchajidwa ndiponso osagwira ntchito. Batire la 12V lodzaza limaonetsa cha m'ma 12.6V kapena kupitirira pang'ono. Likaonetsa 12.2V ndiye kuti lili pa theka, ndipo kutsika kuposa 12V ndi chizindikiro chakuti likuzunzika. Mukapeza limodzi lotsika kwambiri kuposa anzake, ndilo likukokera ena onse pansi. Koma kusakaniza batire latsopano ndi akale pa mzere umodzi n'kuwononga ndalama, chifukwa latsopanolo limakalamba msanga. Mabatire otsegula pamwamba athiridwe madzi a batire okha, osati a pamjigo, osatinso asidi. Zoyera zobiriwira zimene zimamera pa mitu yake zitsukeni ndi madzi osungunulamo soda wophikira, mumange zolimba. Chipinda cha mabatire chizipita mphepo, chifukwa akamatchaja amatulutsa mpweya woyaka moto. Ngati anu ndi a lithium, manambala ndatchulawa sakukhudza inu. Tsatani zimene anakuuzani okuikirani.

Kwerani padenga muone mapanelo. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ndi ya fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire, ndipo galasi likakutidwa mphamvu imatsika. Tsukani ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa m'mamawa galasi lisanatenthe. Kuno kwathu mapanelo amayang'ana kumpoto. Onani ngati mtengo wa mango kapena wa bulugamu umene unali waufupi poika sola tsopano wayamba kuponya mthunzi, chifukwa mthunzi wa nthambi imodzi umafooketsa panelo yonse.

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuitchula. Pa tchuthi, sola ya sukulu imasanduka potchajira mafoni a mudzi wonse, nthawi zina pometera, nthawi zina poonetsera mpira usiku. Ine sindidabwa nazo, pakuti m'madera ambiri sukulu ndi malo okhawo a magetsi. Koma kugwiritsa ntchito usiku ndiko kumapha mabatire. Ngati komiti ikufuna kuthandiza anthu, igwirizane poyera: masana okha dzuwa likuwala, mafoni okha, ndipo kandalama kolowa kalembedwe m'buku kuti kadzathandize pogula mabatire ena.

Fumbi ndi tizilombo zingawonongedi kompyuta?

Chaka china mu Ogasiti tinatsegula labu ya sukulu ina imene inakhala yotseka kuyambira mayeso atatha. Kompyuta yachitatu kuchokera pakhomo inkangolira osayaka. Titamasula chivundikiro tinapeza kuti mavu amanga nyumba yadothi pa fani ya kumbuyo, yolimba ngati njerwa, fani osatembenuka. Mu pulinta munali chisa cha khoswe, cha timapepala ta mayeso totafunatafuna, ndipo mawaya awiri a m'kati anali atadulidwa. Pansi pa tebulo chiswe chinali chitakwera mwendo n'kulowa mu katoni ya mabuku ndi madisiki. Mwana amene ankatithandiza ananyamula kiyibodi n'kuitembenuza, ndipo munagwa makoko a mtedza ndi nyenyeswa za mandasi. Makoswewo ankatsata zimenezo.

Tulutsani makompyuta panja pamthunzi, masulani, muuzire fumbi ndi bulowa mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mothamanga. Madzi ayi, nsalu yonyowa m'kati ayi. Sesani chipinda chonse, tsekani maenje a mu siling'i ndi pansi pa chitseko, ikani misampha. Chilichonse chichoke pansi chikhale patebulo. Phimbani ndi nsalu, chitenje chakale chimakwanira. Pulasitiki imasunga chinyontho. Yang'ananinso malata. Kabowo kamene kakuonetsa dzuwa mu Ogasiti kadzadontha pa kompyuta mu Disembala.

Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi mukaizimitsa, vuto ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kamene kali pa bolodi. N'kotchipa, ndipo kusintha kwake ndi kwa mphindi imodzi.

Mapasiwedi a sukulu azisunga ndani?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndimafuna ahedi alimvetse, chifukwa kompyuta yopsa imagulidwa ina, koma akaunti yotsekeka imapita ndi zonse zili m'kati mwake.

Sukulu ina imene ndinakathandiza inali ndi imelo imene mphunzitsi wina wakhama anatsegula zaka zapitazo. Makalata onse a ku ofesi ya maphunziro, mindandanda ya ana ndi malipoti a ndalama zinali mmenemo. Mphunzitsiyo anasamutsidwa pa tchuthi kupita boma lina. Panalibe mkangano, anatsanzikana bwinobwino, ndipo pasiwedi anailemba pa kapepala n'kusiyira ahedi. Koma atayesa kulowa pa kompyuta ina, imeloyo inatumiza nambala yotsimikizira ku foni ya mphunzitsi uja, pa simukhadi imene iye anali atasiya kale kugwiritsa ntchito. Ndinakhala mu ofesi ya ahedi masana onse tikuyesa njira iyi ndi iyo, adepute ataimirira pawindo kusaka netiweki. Sizinatheke. Anatsegula imelo ina n'kuyamba kulembanso mayina a ana mazana angapo kuchokera m'marejisitala.

Ndiye pa tchuthi khalani pansi mulembe akaunti iliyonse imene sukulu ili nayo: imelo, polowera pa makina olembetsera mayeso a MANEB, tsamba la Facebook, magulu a WhatsApp a makolo ndi a aphunzitsi, pasiwedi ya rauta ndi ya Wi-Fi, ya kompyuta ya mu ofesi, ya akaunti yaikulu ya makompyuta a mu labu, nambala ya mita ya ESCOM, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ngati sukulu imalandirirapo ndalama. Pa iliyonse funsani mafunso awiri: akudziwa pasiwedi ndani, ndipo nambala yotsimikizira imapita pa foni ya yani?

Sukulu ikhale ndi simukhadi yakeyake mu kafoni kotchipa kamene kamakhala mu ofesi, ndipo maakaunti onse amangiriridwe pa nambala imeneyo. Poti masimukhadi amalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, lembani kuti inalembetsedwa m'dzina la yani, ndipo kafunseni ku ofesi ya kampani ya foniyo za kalembetsedwe ka nambala ya bungwe. Muziiikira mayunitsi ndi kuimbira apo ndi apo, chifukwa nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa n'kupatsidwa munthu wina. Mapasiwedi alembedwe papepala, aikidwe mu envelopu yomata, anthu awiri asayine pomatapo, ndipo isungidwe mu kabati yokhoma. Gulu lililonse la WhatsApp ndi tsamba la Facebook zikhale ndi oyang'anira osachepera awiri. Mphunzitsi akasamuka kapena akapuma pantchito, mapasiwedi amene ankadziwa asinthidwe sabata yomweyo. Uku si kumukayikira munthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo si bwino kumusenzetsa mnzanu katundu amene akadwala kapena akachoka sukulu yonse iima.

Nanga mafayilo a sukulu, monga magiredi ndi mbiri za ana?

Akhale malo atatu: pa kompyuta ya mu ofesi, pa hadi disiki yonyamula imene imasungidwa mu chipinda china, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka malo a 15GB kwaulere, ndipo zikalata za sukulu imodzi zimakwanamo. Fulashi yokha si posungira. Imasowa, imathyoka, imalowa vairasi. Mukakopera, tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa disikiyo kuti mutsimikize kuti alipodi. Ndaonapo disiki yolembedwa bwino pamwamba, m'kati muli mafoda opanda kanthu.

Kumbukirani kuti izi ndi zinsinsi za ana a eni: masiku obadwa, manambala a makolo, amene ndi amasiye, amene ali pa bursary, amene akudwala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, mndandanda wa ana olephera kulipira kapena odwala suyenera kukhala pa kompyuta ya mu labu imene mwana aliyense amatsegula, kapena kuponyedwa pa gulu la WhatsApp. Pa tchuthi fufuzani makompyuta a ana muchotse zotere, pamodzi ndi mapepala a mayeso amene aphunzitsi anatayipira pamenepo n'kuiwala.

Akuti Windows 10 inatha. Makompyuta athu ndiye atha ntchito?

Sanathe. Kampani ya Microsoft inasiya kupereka zokonza zaulere za chitetezo cha Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, pa 14 Okutobala 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020. Kompyuta imayakabe ndi kugwira ntchito, kungoti mabowo atsopano a chitetezo satsekedwanso. Makompyuta ambiri a m'sukulu zathu anabwera atagwirapo kale ntchito kunja, ndipo sangalandire Windows 11 chifukwa imafuna zida zatsopano, monga kachipangizo ka TPM 2.0.

Maganizo anga ndi awa. Kompyuta ya mu ofesi, imene imalowa pa intaneti ndi kusunga zinsinsi, ndiyo iyambe kusinthidwa kapena kuikidwa pulogalamu imene ikulandirabe chitetezo. Za mu labu zimene sizilowa pa intaneti zikhoza kupitiriza. Zakale kwambiri, zochedwa, ziikeni Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, ndi LibreOffice yolembera zikalata. Zonsezi ndi zaulere ndipo zimapepuka pa makina ofooka. Koma ana a Folomu 4 musawasinthire zinthu pakati pa ulendo. Makina amene adzalembere mayeso a pulakitiko akhale ndi mapulogalamu omwewo amene akhala akuphunzirira. Linux muyambe nayo ndi a Folomu 1, pa makompyuta awiri kapena atatu, aphunzitsi atayamba aizolowera okha.

Vairasi ya pa fulashi yatisautsa. Titani?

Imene imabisa mafoda n'kusiya timashotikati imayenda ndi fulashi kuchoka kosindikizira mapepala pa trading centre kubwera ku sukulu ndi kubwereranso. Kutsuka kompyuta imodzi n'kutaya nthawi. Tsukani zonse tsiku limodzi, pamodzi ndi mafulashi a aphunzitsi onse. Ana azilowa ndi akaunti wamba yosaloleza kuika mapulogalamu. Patulani kompyuta imodzi, makamaka ya Linux, kuti fulashi iliyonse yochokera kunja iziyamba yadzera pamenepo.

Ife ndi a pulayimale, tili ndi matabuleti a BEFIT. Zimenezi zikutikhudza?

Zikukukhudzani. Pologalamu ya BEFIT, imene boma linayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe monga Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, imapatsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu, otchajidwa ndi sola. Pologalamuyi ili ndi malangizo ake ndi anthu ake okonza, ndiye musamasule tabuleti kapena kuikamo zinthu zina. Chanu ndi kuwerenga matabuletiwo, kuyatsa iliyonse, kuyesa mahedifoni ndi mawaya otchajira, ndi kulemba zowonongeka kuti lipoti lipite kudzera kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yanu, tchuthi chisanathe.

Yang'anitsitsani tabuleti yotupa, imene galasi lake layamba kutukuka kapena msana wake wafufuma. Batire lake lawonongeka ndipo likhoza kuyaka. Isatchajidwenso, isabooledwe, ipatulidwe kutali ndi zinzake ndi mapepala. Mabatire a mtundu umenewu, a m'matabuleti ndi m'malaputopu, sakonda kusungidwa atatheratu kapena pamalo otentha. Ngati palibe malangizo ena ochokera kwa eni pologalamu, asiyeni ali cha pakati, azimitseni kwathunthu, ndipo wina adzawaone pakati pa tchuthi.

Intaneti ndi yodula. Sukulu ingachite chiyani?

Choyamba dziwani kumene bandulo ikupita. Lowani mu rauta muone mafoni olumikizidwa. Mudzapeza kuti pasiwedi inafika kale kunyumba zoyandikana ndi sukulu. Isintheni. Makompyuta a Windows amakoka okha zinthu zambiri, ndiye pitani mu Settings muwauze kuti intaneti yanu ndi yoyezera (metered connection). Yendani ndi foni ya TNM ndi ya Airtel kuzungulira sukulu mupeze pamene netiweki imagwira bwino, rauta ikhale pamenepo, ndipo ngati n'kutali ndi ofesi kokani waya wa netiweki, umene umagwira bwino mpaka mamita 100.

Zophunzirira zambiri sizifuna intaneti tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia pa kompyuta, ndipo Kolibri imasunga mavidiyo ndi mabuku n'kumagawira makompyuta ena a mu labu. Mumakopera kamodzi kumene kuli intaneti yamphamvu, n'kubwera nazo pa disiki. Tchuthi ndi nthawi yake ya ulendo umenewo.

Akuba timawaletsa bwanji sukulu ikakhala yopanda anthu?

Gwedezani mabagilabazi muone ngati akugwirabe m'khoma, ndipo yang'anani kumwamba, chifukwa ambiri amalowera padenga. Werengani makiyi, ngati ina inasowa, sinthani loko. Zing'onozing'ono monga malaputopu ndi purojekitala zichoke mu labu zikakhale mu strong room. Mapanelo amangidwe ndi mabawuti ovuta kumasula. Mlonda alipidwe pa nthawi yake, akhale ndi tochi yowala ndi nambala za ahedi, a komiti ndi a community policing. Auzeninso amfumu kuti sukulu yatsekedwa ndipo palibe amene watumidwa kudzatenga katundu kukakonza.

Wina akufuna kutipatsa makompyuta. Tingolandira?

Thokozani, koma funsani kaye. Ndi a chaka chanji? Akuyaka onse? Akubwera ndi mawaya, makiyibodi ndi machaja? Anachotsedwa mapasiwedi a kumene achokera? Akawonongeka adzakonza ndani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: makatoni makumi awiri ojambulitsa nawo chithunzi tsiku lolandira akhoza kukhala mtolo wodzaza chipinda zaka khumi. Ngati muli pa sola, malaputopu asanu ndi abwino kuposa makompyuta a patebulo khumi ndi asanu a masikirini a chimsana, amene amadya magetsi ochuluka. Ndipo musachite manyazi kumuuza wopatsayo kuti chimene chikusowa kwenikweni ndi mabatire kapena kukonza mawaya. Amene akufunadi kuthandiza amamva.

Zimene zinaferatu tizitaye kuti?

Muyambe mwachotsamo zothandiza: RAM (timabolodi ta memore), hadi disiki, fani, kabokosi ka magetsi. Makompyuta atatu akufa amatha kudzutsa imodzi. Imodzi yakufa muisunge yotsegula kuti ana a Folomu 1 azigwira ndi manja zimene amangoziona m'buku. Hadi disiki imene munali zinsinsi isatuluke pa sukulu isanafufutidwe. Katundu wa sukulu ya boma ndi wa boma ngakhale atafa, ndiye musagulitse kapena kugawana. Lembani mndandanda mupite nawo ku ofesi ya maphunziro akuuzeni ndondomeko. Musawotche, musaponye m'chimbudzi kapena m'dzenje la zinyalala. M'mabatire akale a sola ndi a UPS muli mtovu, umene ndi poizoni woopsa kwa ana, choncho asasiyidwe kuseri kwa kalasi kumene ana amasewera.

Tapeza zambiri zofunika ndalama, koma ndalama palibe. Tipite bwanji ku komiti?

Pitani ndi tsamba limodzi, osati mulu wa mapepala. Lembani zinthuzo motsatana ndi kuopsa kwake: pamwamba zimene zingayambitse moto kapena kuvulaza mwana, kenako zimene zingatayitse mafayilo ndi maakaunti, kenako zimene zikuimitsa maphunziro, ndipo zogula zatsopano zikhale pansi penipeni. Pa chilichonse ikani mtengo wochokera pa kotesheni yeniyeni, yokhala ndi tsiku, poti mitengo ikusintha msanga. A komiti atengereni ku labu akaone okha soketi yowauka ndi batire lotupa. Kholo limene lanunkhiza pulasitiki wopsa m'chipinda chimene mwana wake amakhalamo silivuta kulimvetsa. Ku pulayimale, zofunikazi zilowe mu pulani ya chitukuko cha sukulu nthawi idakalipo, kuti ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zikabwera zipeze zitalembedwa kale.

Sabata yomaliza ya tchuthi tichite chiyani?

Bwererani masiku awiri sukulu isanatsegulidwe. Vundukulani nsalu, bwezerani mapulagi, yatsani makompyuta imodziimodzi ndipo muwasiye akuyaka kwa ola lathunthu, chifukwa ena amayaka bwino n'kuzima akatentha. Sindikizani tsamba limodzi pa pulinta. Yezaninso mabatire muyerekeze ndi manambala a mu Julayi. Lowani mu akaunti iliyonse pogwiritsa ntchito foni ya sukulu. Onani mayunitsi pa mita. Ngati kwabwera mphunzitsi watsopano, muyendetseni mu labu, mumuonetse pozimitsira magetsi onse ndi pamene pamakhala kope la katundu, ndipo asayine kuti walandira kiyi.